Mbale ya Lachinayi pa khonde la ku Luchenza

Mzere wa masitolo akale a ku Luchenza ukutha pang'onopang'ono. Ena anagwa okha ndi mvula, ena awagumula n'kumangapo timashopu ta zitseko zachitsulo, ndipo amene atsalawo amangodziwika ndi zipilala za pakhonde ndi malata ofiira ndi dzimbiri. Anyamata a kabaza amaimika njinga zawo pamthunzi wa zipilalazo osadziwa kuti pamalo omwewo pankakhala atelala, aliyense ndi makina ake, kuyambira m'mawa mpaka mdima utamulepheretsa munthu kulowetsa ulusi pa singano. Agogo anga aamuna anasokera pa limodzi mwa makondewo, bambo anga n'kudzalowa m'malo mwawo. Ndikufuna kulemba za khonde limenelo lisanafafanizike, makamaka za mwambo umodzi wa pamenepo umene gwero lake linali kutali kwambiri, m'tauni yaing'ono yotchedwa Virpur, ku Gujarat, m'dziko la India.

Tauni ya Luchenza inakula chifukwa cha njanji. Njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo paliponse pamene sitima inkaima, amwenye sankachedwa kutsegulapo sitolo. Ambiri ankachokera ku Gujarat. Ochuluka anali Asilamu, Ahindu anali ochepa, koma kwa ife onsewo anali amwenye basi. Agogo ankati eni sitolo yathuyi anabwera pa sitima ya pamadzi mpaka ku Beira, n'kukwera ya pamtunda mlatho wa pa Zambezi ku Sena utangotha kumene. Mlathowo unatsegulidwa mu 1935. Anali Ahindu a mtundu wa Lohana, mtundu wodziwika ndi malonda kwawoko. Dzina lawo sinditchula, poti zidzukulu zawo zilipo ndipo sindinazipemphe.

M'sitolomo munali mdima wozizira ndi fungo la zinthu zambiri zosakanikirana: parafini, sopo, mchere wonyowa, nsalu zatsopano. Pa kauntala panali pokhomera ndodo ya yadi, ndipo bwana ankakoka nsalu pampukutu, kuigunditsa pa ndodoyo kawiri kapena katatu, kuiluma pang'ono ndi lumo m'mphepete, kenako n'kuing'amba ndi manja kamodzi n'kamodzi. Phokoso la kung'ambikako linkamveka mpaka panja, ndipo telala ankadziwa kuti ntchito ikubwera. Wogula sankapita kutali: akatuluka ndi biriwita kapena kaki wake, ankangotembenukira kumanzere n'kupeza agogo ali pa makina a Singer opalasa ndi phazi, tepi ili m'khosi, choko chili kukhutu. Telala wa pakhonde sanali wantchito wa m'sitolo kwenikweni. Ankasoka zovala za sitoloyo pamtengo wogwirizana, zakezake ankasokanso, ndipo onse awiri ankadalirana: nsalu inkayenda chifukwa cha telala, telala ankadya chifukwa cha nsalu. Mwezi ukatha, anthu a m'minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje akalandira, khonde linkadzaza mpaka agogo ankasoka ndi nyali. Nyengo yokolola, kuseri kwa sitolo kunkaunjikana matumba a nandolo amene bwana ankagula pa sikelo yopachika pamtanda. Kunenerera mtengo kunali ntchito yakeyake, ndipo mayi wodziwa kugula sankatuluka popanda banyira, kaya ndi singano ziwiri kaya kadzanja ka mchere.

Ine ndinayamba kupita nawo kukhondeko ndili mwana wonyamulira bambo simbi yamakala, ndipo chimene ndimakumbukira kwambiri ndi m'mawa. Zitseko zisanatsegulidwe, kuseri kunkamveka kabelu kakang'ono kolira mosalekeza, ndi mawu a mayi wachikulire akuimba chapansipansi. Kenako fungo la lubani linkatulukira pansi pa chitseko. Mayiyo ana ake ankamuitana kuti Ba, ife tinkati adona aakulu. Zitseko zikatsegulidwa, pamwamba pa kabati yosungira ndalama pankaoneka chithunzi m'galasi, kanyali kakang'ono kakuyaka patsogolo pake: nkhalamba ya ndevu zoyera, yovala nduwira yoyera ndi malaya aatali oyera, itatsamira ndodo, mikanda yopempherera ili m'dzanja. Anthu ambiri a ku Luchenza ankayesa kuti ndi bambo ake a bwana. Ena ankanong'onezana kuti ndicho chizimba cha malonda, poti ife munthu akalemera sitilephera kumupezera chifukwa.

Lachinayi lililonse, dzuwa likafika pamutu, adona aakulu ankatuluka ndi chimphika, wantchito wa m'nyumba ali pambuyo ndi mbale zamalata. Ankati kwa bambo, "Atelala, aitaneni anthu adye." Bambo ankaimitsa makina n'kukankhira nsalu pambali. M'mphikamo munali mpunga wophikidwa pamodzi ndi mphodza mpaka kufewa, wachikasu, wonunkhira mafuta a mkaka, ndipo pambali pake pankakhala msuzi wowawasa wa chambiko. Ankadya ndi akhungu oyenda ndi kamwana kowatsogolera, amayi ochokera kumudzi amene sitima yawasiya, anyamata onyamula katundu pa siteshoni, ndi bambo wina wodwala misala amene masiku ena onse anthu ankamuthamangitsa. Adonawo sankafunsa kuti ndiwe yani kapena umapemphera kuti. Ankatenga chikombe, kuthira, kuyang'ana munthuyo kumaso, kuwonjezera pang'ono, ndipo sankabwerera m'nyumba mpaka pansi pa mphika pataoneka. Masitolo a Asilamu ankapereka zachifundo Lachisanu, choncho osauka a ku Luchenza ankawadziwa bwino masiku awiriwa.

Dzina la nkhalamba ya pachithunziyo bambo analimva kwa adona aakulu omwewo, madzulo ena akuwasokera mabulawuzi, ndipo zambiri ndinadzaziwerenga nditakula. Anali Jalaram, amene om'tsatira amati Jalaram Bapa. Anabadwira ku Virpur mu 1799, patangopita sabata imodzi chichitikire chikondwerero cha Diwali, m'banja la Chilohana. Bambo ake anali Pradhan Thakkar, mayi ake Rajbai. Virpur ili pamsewu wochokera ku Rajkot kupita ku Junagadh, kumene kuli phiri lopatulika la Girnar, choncho pakhomo pawo pankadutsa anthu a paulendo wachipembedzo ndi amuna osiya zonse chifukwa cha Mulungu, amene kwawoko amawatcha sadhu, ambiri ali ndi njala. Mnyamatayo anamuika pa malonda a bambo ake, kenako m'sitolo ya mbale wa bambo akewo, Valji, koma mtima wake sunali pa phindu: nkhani zonse za ubwana wake zimanena za katundu wa m'sitolo amene ankapatsa odutsa. Chimandikhudza n'chakuti amalonda, anthu owerenga khobidi lililonse, ndiwo anasankha kupachika pamwamba pa kabati ya ndalama chithunzi cha munthu amene sitolo inamukanika chifukwa chopatsa.

Jalaram anakwatira Virbai wa ku Atkot mu 1816, ali ndi zaka 16. Atabwerako ku ulendo woyendera malo opatulika, anakhala wophunzira wa Bhoja Bhagat wa ku Fatehpur, amene anamuphunzitsa kupembedza Rama, ndipo ndi dalitso la mphunzitsi wakeyo, mu 1820 iye ndi mkazi wake anatsegula sadavrat, malo amene aliyense wofika amadya ulere tsiku lililonse. Sanayambe ndi chuma. Awiriwo ankagwira ganyu m'minda ya anthu n'kulandira mbewu ngati malipiro, ndipo mbewu zimenezo ndizo ankadyetsa alendo. Zitachepa, Virbai anavula zokongoletsera za ukwati wake kuti zigulitsidwe. Iye ndiye ankapera ufa wa mchewere pamphero ndi kuphika mikate yophwatalala imene anthu a kumeneko amadya. Chiphunzitso cha Jalaram, ngati tingachitche chiphunzitso, chinali chachifupi kwambiri: tchula dzina la Mulungu, dyetsa wanjala, ndipo usamufunse mtundu kapena chipembedzo, chifukwa Mulungu amakhala pafupi ndi pamene chakudya chikugawidwa. Sanali mlaliki wa mabuku kapena woyambitsa mpingo watsopano. Anali munthu wapabanja, wokhala m'nyumba yake, ndipo nyumba yomweyo ndiyo kachisi wa ku Virpur lero.

Nkhani imene bambo ankaikonda inali ya telala. Amati kunali telala wina dzina lake Haraji amene ankavutika ndi m'mimba kwa nthawi yaitali. Jalaram atamupempherera iye anachira, n'kugwada pamapazi ake akumutcha Bapa, kutanthauza bambo, ndipo dzinalo linamukakamira. Bambo anga, Mkhristu wa CCAP amene sankaphonya mapemphero, ankaifotokoza nkhaniyi monyadira, ngati kuti Haraji anali mnzawo wa pakhonde loyandikana. Palinso ya Msilamu wina wamalonda, Jamal, amene mwana wake anachira, iye n'kubweretsa ngolo ya mbewu ku sadavrat. Zozizwitsa zotere om'tsatira amazikhulupirira ndi mtima wonse. Ine ndikungozipereka monga anazilandirira bambo. Chimene sichifuna chikhulupiriro kuti munthu achione n'chakuti Ahindu ndi Asilamu ankadyera pakhomo limodzi, m'dziko limene nkhani ya amene ungadye naye inali yolemera kwambiri.

Pali nkhani ina imene sindinakhalepo nayo pamtendere. Amati tsiku lina kunabwera sadhu wokalamba, wofooka, n'kupempha Jalaram kuti amupatse mkazi wake kuti azikamusamalira. Jalaram anafunsa Virbai, Virbai anavomera, ndipo ananyamuka ndi nkhalambayo. Atafika kuthengo, nkhalambayo inamusungitsa ndodo ndi thumba lansalu, n'kuzimiririka. Okhulupirira amati anali Mulungu mwini amene anabwera kudzawayesa, ndipo ndodo ndi thumbalo zikusungidwabe ku Virpur m'bokosi lagalasi. Nkhaniyi amaikamba potamanda mwamunayo, kuti analibe chilichonse chimene akanakaniza. Koma mkazi si katundu wopatsa, ndipo amene anayenda ulendowo ndi Virbai. Ndikaganizira mphero ija, zokongoletsera zija, ndi ulendo wa kuthengowu, ndimaona kuti sadavrat inali ntchito ya anthu awiri, ndipo wolemedwa kwambiri anali mayiyo. Ku Luchenzanso zinali choncho. Chithunzi chinali cha mwamuna, sitolo inali m'dzina la mwamuna, koma wodzuka m'mamawa kusankha timiyala mu mphodza anali adona aakulu.

Virbai anamwalira mu 1878, nthawi ya njala yaikulu imene inagwa m'madera ambiri a India, ndipo amati pa njala imeneyo moto wa pa sadavrat sunazime. Jalaram anatsatira mu 1881. Anasiya mwana wamkazi mmodzi, Jamnaben, ndipo kudzera mwa iye mbumba yawo ndiyo yakhala ikuyang'anira malowo mpaka lero.

Njala yathu ya 1949 inapeza agogo ali pakhonde lomwelo, ndipo apa akuluakulu ankasiyana pofotokoza. Agogo aamuna ankati m'miyezi yovutitsitsa adona aakulu anasiya kudikira Lachinayi, ankaphika phala tsiku ndi tsiku, ndipo mzere unkafika kunjanji. Agogo aakazi ankatsutsa. Ankati phala linalipodi, koma linali la ana okha, ndipo pa nthawi yomweyo amayi ankasiya mikanda, mbale ndi makasu m'masitolo a mzerewo posinthana ndi kambale ka ufa. Ndimawakhulupirira onse awiri. Wina ankaona zimenezi ali pa makina, wina ali pamzere ndi mwana kumbuyo.

Ndisanamizire kuti khonde lija linali paradaiso. Boma la atsamunda linasanja anthu m'magulu atatu, azungu pamwamba, amwenye pakati, ife pansi, ndipo aliyense ankadziwa malo ake. Sukulu zinali zosiyana, malipiro anali osiyana. Bambo anasoka pakhondepo zaka zambiri koma sanakhalepo pampando wa m'chipinda chochezera cha nyumba ija. Kuseri, pa msomali wa pakhoma la khitchini, pankapachikidwa kapu yamalata ya antchito, yosasakanizidwa ndi makapu a m'nyumba, ndipo mbale za Lachinayi zinkatsukidwa panja, pazokha. Bambo sankazikamba mokwiya, koma sankaziiwalanso. Nditadzamva bwinobwino zimene Jalaram ankachita, ndinaona kuti chithunzi chija chinkaweruza nyumba yomwe chinapachikidwamo. Adona aakulu anatenga gawo limodzi la chiphunzitsocho, la kudyetsa wanjala, n'kuligwira mokhulupirika moyo wawo wonse, ndipo pa chimenecho ndimawalemekeza. Gawo linalo, loti wodya ndi wodyetsa ndi ofanana pamaso pa Mulungu, linawalemera, monga limalemerera anthu a zipembedzo zonse. Ifenso m'nyumba zathu za m'tauni lero muli makapu a antchito.

Kuyambira mu 1970 boma la Dr Kamuzu Banda linalamula kuti amwenye achoke m'madera a kumidzi kuti malonda a kumeneko akhale a Amalawi, ndipo pofika 1978 anali atatsala m'matauni akuluakulu monga Blantyre, Limbe, Zomba ndi Lilongwe. Cholinga chinali chomveka kwa anthu amene anakhala zaka zambiri akungogula osagulitsa, ndipo ambiri anaombera m'manja. Koma ochuluka mwa amene analowa m'masitolomo analibe mpamba, analibe wowakongoza katundu, ndipo mashelefu anayamba kuyera. Kunabwera Chipiku yogulitsa mopikulitsa, m'malo ena kunatsegulidwa PTC, koma mzere wa ku Luchenza sunabwererenso mwakale. Eni sitolo yathu anakweza katundu pa lole m'mawa wina. Adona aakulu, amene tsopano ankayenda ndi ndodo, anakulunga chithunzi chija m'nsalu yoyera imene bambo anaipinda m'mphepete dzulo lake, n'kuchinyamula pamiyendo kutsogolo kwa lole. Mphika uja anawasiyira mayi anga. Lachinayi lotsatira anthu anabwerabe pakhonde, n'kupeza bambo okha ndi makina awo.

Bambo anapitiriza kusoka pansi pa mwini sitolo watsopano, koma nsalu za pampukutu zinkachepa chaka ndi chaka, ndipo kaunjika atadzafika ntchito ya telala inasanduka yochepetsa ndi kuika zigamba. Luso lodula jekete popanda pepala, kungoyang'ana mapewa a munthu n'kulemba ndi choko, linapita ndi m'badwo wawo.

Banja lija linakhala pang'ono ku Limbe, kenako linapita ku Leicester, ku England, kumene amwenye ambiri ochokera ku Malawi anakakhazikika limodzi ndi anzawo amene Idi Amin anawathamangitsa ku Uganda mu 1972. Kumeneko om'tsatira a Jalaram anamanga kachisi pa Narborough Road, amene anatsegulidwa mu 1995, ndipo akachisi ena a dzina lake ali ku London, ku Kenya ndi kwina kumene Alohana anafika. Kulikonseko mwambo ndi womwewo: Lachinayi ndi tsiku lake, ndipo pemphero limatha ndi chakudya. Ku Virpur kwenikweniko anthu zikwizikwi amadyabe ulere tsiku lililonse, ndipo madzulo amawapatsa mpunga wa mphodza ndi msuzi wa chambiko, chakudya chomwe chija cha pakhonde pathu. Kuyambira pa 9 February 2000, oyang'anira malowo anasiya kulandira zopereka za mtundu uliwonse, ndalama kapena mbewu, ponena kuti zimene ali nazo n'zokwanira kupitiriza ntchitoyo. M'nthawi ino imene nyumba zambiri zopemphereramo zimayamba ndi mbale ya chopereka n'kutsirizanso ndi mbale yomweyo, ndimaona kuti chimenechi n'chachikulu kuposa zozizwitsa zonse zimene amamusimbira Jalaram.

Mwana wamwamuna wa m'nyumba ija anadzabwera kudzaona Luchenza ali ndi imvi, bambo akadali moyo. Ankalankhula Chichewa cha masiku a Kamuzu, chosasakaniza, chimene anachiphunzira kwa omulera ndi kwa ana a pa siteshoni. Anawagwira bambo dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti, "Atelala, mwakalambatu." Bambo anati, "Nanga inu, bwana wamng'ono, mwatsala pati?" Iye anawauza kuti Ba anamwalirira ku Leicester, ndipo mpaka mphamvu zitawathera ankapita kukathandiza kusenda ndiwo ku khitchini ya kachisi. Bambo anamufunsa ngati kumenekonso kuli anthu anjala. Anati alipo, azungu omwe, ogona m'misewu, ndipo achinyamata a kukachisi amawapititsira chakudya. Kenako analowa m'nyumba mwathu, mayi anapereka madzi osamba m'manja, ndipo anadya nsima ya nandolo limodzi ndi bambo, akufunsa za anthu a pamzere uja mmodzimmodzi, amene ali moyo ndi amene anatisiya.